Tulo Tinandithawa Nditaika Mwamuna Wanga

Panali nthawi, abale ndi alongo mwa Ambuye, imene ndinkaopa kulowa kwa dzuwa. Anzanga akamaweruka kumunda ankakondwa kuti akukapuma. Ine mtima unkayamba kuthamanga. Ndinkadziwa chimene chikundidikira kunyumba: mdima, denga, ndi maso okana kutseka.

Amene simundidziwa, ndine Esinati. Kwathu ndi ku Dowa, koma kuno ku Wovwe ndinabwera ndi ukwati, ndipo ambiri mumanditchula Nyabanda. Mundilole ndilankhule m'Chichewa. Chitumbuka ndimachidziwa cha kumsika ndi cha kumunda, koma zimene ndikufuna kunena lero n'zochokera pansi pa mtima, ndipo kumeneko kumakhala chinenero chimene ndinayamwira.

Mwamuna wanga, malemu a Msiska, anali mphunzitsi. Tinadziwana akuphunzitsa kwathu. Atapuma pantchito anati tiyeni kwathu ku Wovwe tikalime mpunga kusikimu yothirira. Tinabwera, tinamanga kanyumba kathu, tinapeza ndime yathu. Mwana wathu Tamala anali atakwatiwa kale ku Mzuzu. Tinkati tsopano tipume.

Sitinapume. Tsiku lina m'mawa akumanga zingwe za nsapato anagwa chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera. Munthu amene ankati akayankhula sukulu yonse n'kumva, tsopano ankalephera kutchula dzina langa.

Ndinawasamala zaka zingapo. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatulutsa kuti akaothere dzuwa. Kuchipatala kunali mayi wina wa mafizo, a Mataka, wochokera ku Thyolo. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuwaongola mkono ndi mwendo tsiku ndi tsiku kuti zisaume. Anandiuzanso kuti usiku ndiziwatembenuza pafupipafupi kuopa zilonda. Popeza sankatha kuitana, ndinkawapatsa supuni m'dzanja lamanzere. Akafuna kanthu ankagogoda nayo pachitsulo cha bedi. Ndinazolowera kugona khutu lili tcheru.

Ndinkapemphera, abale anga. Ndinkagwada pasimenti mpaka mawondo anachita zikang'a. Ndinasala kudya. Amayi a mumpingo muno munkabwera kudzaimba pakhonde pathu. Ndinkakhulupirira kuti tsiku lina adzadzuka n'kupita okha kumunda.

Anamwalira ine ndili m'tulo.

Tsiku limenelo ndinali nditachapa zofunda zonse n'kupitanso kuchigayo, ndipo nditagona ndinagoneratu. Ndinadzidzimuka kunja kutayera. Ndinawapeza atazizira kale. Supuni inali pansi.

Sindikudziwa ngati anagogoda. Mwina inangogwa yokha. Mwina anagogoda, n'kugogodanso, ine osamva. Funso limeneli sindinauze munthu aliyense. Ndinalowa nalo m'nyumba maliro atatha, n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo tulo tinandithawa. Ndikangoti ndiwodzere, ndinkamva supuni ikugogoda. Ndinkadzuka mtima ukugunda, n'kupeza bedi lawo lili lopanda munthu. Ndinachotsa bedilo m'chipinda, koma phokoso silinachoke nalo. Ndinayesa kugona pabalaza, ndinayesa kugona pansi. Kulikonse ndinkangotembenuka mpaka atambala kulira.

Kupemphera ndinasiya. Sindinakangane naye Mulungu, ndinangosiya kumulankhula, monga muchitira ndi mnansi amene wakukhumudwitsani. Kutchalitchi ndinkabwera ndithu. Ndinkavala yunifolomu yanga yoyera, n'kukhala pa benchi ija yachiwiri, n'kumaimba ndi milomo yokha. Ikafika nthawi yogwada ndinkati mawondo akundipweteka.

Ndinayesa zambiri. Ndinayamba ndi mapiritsi a chimfine ogonetsa aja. Masiku oyamba ankandigwetsa, kenako thupi linawazolowera, ndipo ndinkadzuka mutu uli ngati wobwereka. Alamu anga anati ndi mzimu wa achimwene awo umene sunakhazikike, ndipo anandibweretsera mizu yofukiza m'nyumba. Sindinakane. Ndinalibe mphamvu zokanira chilichonse. Nyumba inanunkha utsi sabata yathunthu, ine maso ali gwa.

Mayi wina anandinong'oneza kuti kachasu pang'ono amagonetsa. Ine, mkazi wa mphunzitsi, amene mowa sindinaulawepo chibadwire, ndinayenda mpaka mudzi wakutali kumene samandidziwa, n'kukagula kabotolo. Ndinkamwa nditatseka mphuno. Ankandipatsa katulo kakafupi kolemera, kenako ndinkadzuka pakamwa pali gwaa, mtima ukuthamanga kuposa kale. Komabe ndinkapita kukagula kena, chifukwa katulo kakafupiko n'kokhako kamene ndinali nako.

Masana ndinali theka la munthu. Ndinkathira mchere kawiri m'ndiwo. Ndinkafika pamsika n'kuiwala chimene ndadzera. Munthu akamandilankhula ndinkaona milomo yake ikugwedera koma mawu osalowa. Tamala akaimba foni ndinkamukalipira popanda chifukwa, mpaka mwana anayamba kuimba mwa apo ndi apo. Ndinaonda. Maso analowa m'kati.

Sindibisa, panali masiku amene ndinkalakalaka kungotha. Sindinaganizepo zodzivulaza ayi, koma ndikamva kuti uje wamwalira ndinkati mwayi wake, wagona.

Kenako inafika nyengo yowokera mpunga. Mukudziwa mmene dzuwa la kuno limaotchera, ndi mmene madzi a m'ndime amafundira likafika pamutu. Ndinali nditawerama kuyambira m'mawa, mbande zili kumanja, mapazi ali m'matope. Ndikukumbuka kuti ndinaona mizere ya mpunga ikugwedezeka ngati ikuyenda. Ndinati ndiweramuke. Za pambuyo pake ndinachita kuuzidwa.

Ndinagwa chafufumimba, nkhope m'madzi. Madzi ake ongofika m'kakolo, koma munthu wokomoka amamira ngakhale m'mbale. Nyagondwe, mnzanga wa ndime yoyandikana nayo, amene wakhala apoyu, ndiye anamva kuti khuvuu. Anathamanga kudutsa m'mbande zake zomwe, n'kundikoka ndi mpango wakumutu. Nditatsegula maso ndinali pamlambala wa ngalande, matope ali m'mphuno ndi m'kamwa, iye akundimenya kumsana uku akulira.

"Nyabanda, wukani! Dzukani! Mukufuna kutifera m'manja?"

Ndinangogona pomwepo, anthu atandizungulira. Sindinathe ngakhale kudzifunditsa chitenje changa. Anandikweza pa njinga yamoto, Nyagondwe atandigwira kumbuyo, mpaka kuchipatala.

Adokotala anandiyeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anandifunsa zimene ndimamwa, ndipo ndinaulula zonse, mapiritsi ndi kachasu yemwe. Anandipatsa mankhwala a BP, n'kundiuza kuti zinazo ndisiye, tiyi wamadzulonso ndisiye. Ndinavomera, koma mumtima ndinkati mukundilanda zonse, nanga mukundipatsa chiyani?

Tikutuluka tinakumana ndi a Mataka, mayi wa mafizo uja. Anandiyang'ana kawiri asanandizindikire. Anatitengera m'chipinda chawo chogwirira ntchito, momwe muja ndinkabwera ndi malemu. Anandikhazika pansi, n'kuika manja pamapewa anga.

"Mayi Msiska, mapewawa ali ngati matabwa. Mwaongola mkono wa bambo zaka zonse zija. Wanu anaongola ndani?"

Misozi inangotsika.

Anati pali mafizo ena ofatsa, ochita madzulo munthu asanagone, otchedwa yoga. Palibe kudumpha, palibe kuthamanga. N'kutambasula thupi pang'onopang'ono, n'kumapuma mpweya mozama mosafulumira, kuti thupi lidziwe kuti ntchito yatha.

Nditamva dzinalo ndinadzidzimuka. "Si zachikunja zija zimenezo? Ndinamva kuti amapembedza nazo milungu ina."

Onani, abale anga, mmene munthu alili. Miyezi yonse ija sindinamulankhule Mulungu, ndinafukiza mizu m'nyumba, ndinamwa kachasu, koma tsiku limenelo ndinaima ngati mlonda wa chikhulupiriro.

A Mataka sanakwiye. "N'zoona, kumene zinachokera alipo amene amaziphatikiza ndi chipembedzo chawo. Ine ndikukupatsani za thupi basi. Ngati mtima ukukayika, kafunseni abusa anu."

Anationetsa tonse awiri, ine ndi Nyagondwe, chifukwa anati mutu wanga sungasunge kanthu. Kukhala pansi n'kupendeketsa khosi uku ndi uku. Kuima ndi manja ndi mawondo, n'kupinda msana m'mwamba monga achitira mphaka wongodzuka kumene. Kugona chagada n'kukumbatira mawondo pachifuwa. Kugona pafupi ndi khoma n'kutsamiritsa miyendo m'mwamba. Komaliza kunali kugwada, kukhalira zidendene, kutambasulira manja kutsogolo n'kugunditsa chipumi pamphasa. Anati ndikamva kuwawa kapena chizungulire ndisiye pomwepo, ndisakakamize.

Kwa abusa ndinapita ndithu. Ndinkayembekezera kuti andiletsa, ndipo mwina ndinkafuna andiletse, kuti ndikhale ndi chifukwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mama, thupi lanu analiumba ndi Mulungu, ndipo mpweya umene mukupumawo ndi wake. Tambasulani. Koma mukagwada, mudziwe amene mukumugwadira."

Ndinabwerera kunyumba mawu amenewo akundilasa, chifukwa ine ndinkadziwa kuti sindigwadira aliyense.

Nyagondwe anayamba kubwera madzulo aliwonse, akatha kudyetsa a kwake, kusanade kwenikweni. Tinkatseka chitseko kuti anthu asaone amayi akuluakulu awiri atakweza miyendo kukhoma. Tinkayala mphasa ziwiri pabalaza. Mafupa athu ankalira ngati nkhuni zouma. Iye akapinda msana ankachita kulira ngati mphaka, ndipo tsiku lina ndinaseka. Ndinadabwa kumva kuseka kwanga, ndinali nditakuiwala.

Koma tulo sitinabwere. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti zinali zamatsenga. Sabata inatha, ina inatha. Msana unayamba kupepuka, mapewa anayamba kumasuka, koma ndikalowa m'chipinda supuni inkagogodabe. Popanda mapiritsi ndi kachasu usiku unatalika kuposa kale. Ndinauza Nyagondwe kuti asadzivutitse, ine ndine wotayika.

"Namachero nkhwiza," anatero m'chinenero chake, kuti mawa ndibwera. Ndipo anabwera.

Kugwada komaliza kuja ndinkakudumpha. Ndinkati mawondo. Nyagondwe ankagwada yekha, ine nditakhala pambali kumudikira.

Tsiku lina kwawo kunagwa maliro ndipo sanabwere. Ndinati lero ndipuma. Koma dzuwa litapendeka ndinapezeka ndayala mphasa, chifukwa thupi linali litazolowera. Ndinachita za khosi, za msana, za miyendo kukhoma. Kunangotsala kugwada kuja. M'nyumba munalibe wondiona. Ndinati ndingoyesa, ndione ngati mawondo angalole.

Ndinagwada. Ndinatambasula manja. Chipumi chinagunda mphasa.

Mawondo sanapweteke. Ndinakoka mpweya monga anatiphunzitsira, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Ndinakokanso. Kenako ndinazindikira mmene ndakhalira. Umu ndi mmene ndinkagwadira pambali pa bedi la malemu, zaka zonse zija ndikupempha kuti achire. Thupi langa linali litabwerera pamalo amene mtima unathawa.

Chinachake chinamasuka pachifuwa, ndipo ndinalira monga sindinalirire ngakhale pamaliro. Pemphero langa loyamba silinali lokongola. Ndinati, "Mulungu, ndatopa." Basi. Ndinabwereza mawu omwewo kambirimbiri. Kenako ndinamufunsa funso lija limene sindinauze munthu. Ndinati, "Kodi anagogoda? Kodi anandiitana ine osamva?"

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Yankho la funso limenelo sindinapatsidwe, ndipo ndikuona kuti sindidzapatsidwa pansi pano. Koma ndili chigwadire pamenepo ndinadziwa chinthu chimodzi. M'chipinda muja, usiku umene ine ndinagona, mwamuna wanga sanali yekha. Ine ndinali munthu, ndinatopa, ndinagona. Koma alipo amene satopa ndipo sawodzera, ndipo anali momwemo. Ngati supuni inagogoda, Iye anaimva.

Ndinazindikiranso kuti miyezi yonseyi ndinali ndidakali pantchito. Ndinkalondera munthu amene anali atafika kale m'manja abwino kuposa anga. Ndinati, "Ambuye Yesu, ulonda uwu ndaulephera. Utengeni. Ndi ine ndemwe munditenge, mmene ndililimu, ndi kachasu wanga, ndi mkwiyo wanga." Ndinapempha chikhululukiro chifukwa chomufulatira, ndipo ndinamva kuti sanandifulatire.

Tsiku limenelo ndinagona pang'ono pamphasa pomwepo. Sitinali tulo tambiri. Koma nditadzidzimuka sindinathamangire kuchipinda. Ndinangoti, "Muli maso, Ambuye," n'kutembenuka.

Nyagondwe atabwerako kumaliro ndinamuuza zonse, za supuni zomwe. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo tinkagwada tonse, ndipo tinkamalizira ndi pemphero, iye m'Chitumbuka, ine m'Chichewa. Kabotolo kamene ndinali nditabisa kuseri kwa thumba la mpunga ndinakakhuthulira kuchimbudzi iye akuona. Ndinaimbira foni Tamala n'kumupepesa. Mwana analira, nati, "Amayi, ndinkaganiza kuti ndataya nonse awiri."

Tulo tinabwerera pang'onopang'ono, monga madzi alowera m'ndime youma, kuyamba ndi m'ming'alu. Usiku wina maola ochepa, wina kuposerapo, wina osagona n'komwe. Mpaka m'mawa wina ndinadzutsidwa ndi kutentha. Dzuwa linali litalowa kale pawindo, nkhuku zikulira m'khola kuti ndizitsegulire. Ndinakhala pabedi osamvetsa chimene chachitika.

Inu a kuno moni wanu wam'mawa ndi funso: mwagona uli? Chaka chonse chija ndinkayankha kuti nagona makora, ndiye kuti ndagona bwino, ndikudziwa kuti ndikunama. Linali bodza langa loyamba tsiku lililonse. M'mawa umenewo Nyagondwe anafika pakhomo atanyamula khasu, akudabwa kuti sindinatuluke. Anandifunsa funso lomwelo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma ndinayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anaponya khasu pansi, n'kuyamba kululutira pabwalo panga ngati pali ukwati.

Sindinaime pano kuti ndikuuzeni kuti zonse zinatha. Mankhwala a BP ndikumwabe, ndipo kuchipatala ndimapita pa tsiku limene andiuza. Ukafika mwezi umene a Msiska anatisiya, tulo timavutanso. Nthawi zina supuni ija ndimaimvabe. Pandekha ndilibe mphamvu, lero ngati kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikudziwa kopita nako kufooka kwanga. Madzulo ndimayala mphasa, ndimatambasula thupi lokalambali, ndimapuma mpweya umene Iye wandibwereka, ndipo ndimagwada.

Mafizo aja sanandipulumutse. Anandipulumutsa ndi Yesu. Koma ndikuchitira umboni kuti anagwiritsa ntchito manja a Nyagondwe kundivuula m'matope, nzeru za a Mataka kumasula thupi langa, ndi mphasa wamba kundigwaditsa pamene ndinali nditakana. Ulemerero ukhale kwa Iye amene sananyansidwe nane pamene ndinkanunkha kachasu mu yunifolomu yoyera. Dzina lake litamandike.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene mukudwazika matenda kunyumba, ndipo palibe amene wakufunsani za mapewa anu. Muli amasiye amene mukunyamula funso limene simunauze munthu. Muli abambo amene mumamwa kuti mugone, osati kuti musangalale. Musadikire kugwa m'madzi monga ine. Pitani kuchipatala mukayezetse. Uzani mnzanu mmodzi zoona zake. Amayi amene mukufuna, bwerani kwathu dzuwa likapendeka, mutenge mphasa yanu ndi chitenje chachikulu. Tilipo kale angapo, ndipo pabalaza pakadzaza tidzatulukira kuseri kwa nyumba.

Koma choyamba, bwerani kwa Yesu. Simukusowa mawu ambiri. Ngati zonse zimene muli nazo ndi mawu akuti ndatopa, bwerani nawo omwewo. Adzawalandira.

Ambuye akudalitseni, ndipo akupatseni tulo usiku uno. Amen.